Kusaka Chosaoneka: Mafunso ndi Mayankho pa Timasetilaiti Tofufuza Dark Matter

Anthu a m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay ali ndi chuma chomwe a m'tauni anachitaya kalekale: thambo lakuda bii usiku. Ku Usisya, ku Kande kapena ku Chintheche, mwezi ukachedwa kutuluka m'miyezi ya Juni ndi Julaye, chimzere chotuwa cha nyenyezi chimadutsa pafupifupi paliwombo penipeni. Umenewo ndi mlalang'amba wathu, Milky Way, ndipo pomwe wakhuthala kwambiri ndiye pakati pake. Kumeneko ndi komwe akatswiri a sayansi a ku America anakonza zolozako kasetilaiti kotha kunyamulika m'khwapa, pofunafuna chinthu chomwe chakhala chikuwazemba kwa zaka zoposa 90. Chinthucho amachitcha dark matter. Nawa mafunso omwe munthu wofuna kumvetsa angafunse, pamodzi ndi mayankho ake.

Kodi dark matter n'chiyani?

Chomwe inapangidwa nacho palibe katswiri amene wachigwira. Chodziwika ndi khalidwe lake. Siwala, sinyezimira, ndiponso sitchinga kuwala. Kuwala kumangoipyola ngati palibe kanthu. Koma ili ndi kulemera, ndipo chilichonse cholemera chimakoka zinzake ndi mphamvu yomwe ija imagwetsera mango pansi ndi kugwira mwezi kuti usathawe dziko. Kukoka kumeneku ndi komwe kumaiulula.

Kuchuluka kwake n'kodabwitsa. Malinga ndi miyezo ya setilaiti ya Planck ya mayiko a ku Ulaya, yomwe zotsatira zake zinatuluka mu 2013, zonse zopangidwa ndi maatomu, kutanthauza nyenyezi, madzi, miyala, nsomba ndi ife tomwe, ndi magawo 5 okha pa 100 alionse a chilengedwe chonse. Dark matter ndi magawo pafupifupi 27. Otsalawo ndi chinthu chinanso chotchedwa dark energy, chomwe ndi nkhani ya tsiku lina. Ndiye kuti pa kilogalamu iliyonse ya zinthu zomwe timazidziwa, pali makilogalamu oposa 5 a zomwe sitikuziona.

Ngati sioneka, anadziwa bwanji kuti ilipo?

Imani pagombe ku Chintheche usiku wopanda mwezi nyengo ya usipa. Kutali pamadzi mumaona mzere wa nyali za asiginala. Mabwato simuwaona, khoka la chilimira simuliona, amuna okoka simuwaona. Mlendo wochokera kumtunda angaganize kuti panyanja pali nyali basi. Mwana wobadwira pagombe amadziwa kuti nyaliyo ndi kachinthu kopepuka pa katundu yense ali pamenepo, ndipo akaona mmene nyali zikusunthira amatha kukuuzani pomwe boti lalikulu laima. Akatswiri a zakuthambo anachita chimodzimodzi. Anayang'ana kayendedwe ka zowala, n'kuwerengera kulemera kwa zosaoneka.

Woyamba kukuwa anali Fritz Zwicky, mu 1933. Iye anayeza liwiro la milalang'amba ya m'gulu lotchedwa Coma, n'kupeza kuti ikuthamanga kwambiri moti kulemera kwa nyenyezi zake sikukanatha kuigwira pamodzi, ikanabalalika kalekale. Anzake sanamulabadire kwenikweni. Nkhani inadzafika povuta m'zaka za m'ma 1970, pomwe mayi Vera Rubin ndi Kent Ford anayeza mmene nyenyezi zimazungulirira pakati pa mlalang'amba wa Andromeda, kenako milalang'amba ina yambiri. Mwa lamulo la kukoka, chinthu chotalikira pakati chimayenda pang'onopang'ono. Dziko lathu limazungulira dzuwa pa makilomita 30 pa sekondi, pomwe Neptune, pulaneti yakutali, sikwanitsa ngakhale makilomita 6. Koma nyenyezi za m'mphepete mwa milalang'amba sizinkachepetsa liwiro ayi. Pali china cholemera chomwe chikuzikoka, ndipo chafalikira kupitirira pomwe kuwala kwathera.

Umboni womwe ine ndimauona wovuta kuutsutsa unalengezedwa mu 2006. Kuthambo kuli malo otchedwa Bullet Cluster, pomwe magulu awiri a milalang'amba anawombana. Mpweya wotentha wa magulu awiriwo, womwe umalemera kuposa nyenyezi zake zonse, unagundana n'kutsalira pakati. Koma atayeza mmene kuwala kochokera kuseri kukupindikira podutsa pamenepo, anapeza kuti kulemera kwenikweni sikuli pa mpweyawo. Cholemeracho chinapyola n'kupitirira mbali zonse ziwiri, osagunda kanthu.

Ndiye kuti ili kutali kuthambo, kuno kulibe?

Ilipo kuno komwe. Ngati ndi tizidutswa tating'ono monga akatswiri ambiri akuganizira, tikukupyolani pomwe mukuwerengapa. Sitiimva chifukwa ndi yomwazikana kwambiri. M'dera lino la dzuwa lathu, akatswiri amawerengera kuti pa mamililita atatu alionse pamakhala dark matter yolemera ngati atomu imodzi ya hydrogen.

Tiyeni tiyese ndi nyanja yathu. Nyanja ya Malawi imasunga madzi okwana makiyubiki kilomita pafupifupi 8,400. Dark matter yonse yomwe ili m'malo amenewo panthawi imodzi sikwana gawo limodzi mwa magawo 100,000 a gramu. Kamchenga kamodzi ka pagombe la Kande kangaipose. M'dziko lonse lapansi sikwana kilogalamu. Imadzalemera pokhapokha mukaphatikiza malo onse opanda kanthu a pakati pa nyenyezi, omwe kukula kwake kulibe chofanizira.

Timamva kuti akatswiri amasakira pansi pa nthaka. Chifukwa chiyani?

Chifukwa pamwamba pa nthaka pali zosokoneza zambiri. Usana ndi usiku, tizidutswa tothamanga tochokera mumlengalenga timawomba mpweya n'kubala tina totchedwa ma muon. Mukatambasula chikhatho, pamadutsa pafupifupi kamodzi pa sekondi iliyonse. Chipangizo chomwe chikudikira kugundidwa ndi dark matter mwina kangapo pachaka sichingamve kanthu m'chipwirikiti chotere. Mankhwala ake ndi thanthwe.

N'chifukwa chake chipangizo cha LZ anachiika mu mgodi wakale wa golide ku South Dakota, America, kilomita imodzi ndi theka pansi pa nthaka. XENONnT ili pansi pa phiri la Gran Sasso ku Italy, ndipo PandaX ili ku Jinping, China, pansi pa thanthwe la mamita 2,400. Zonse zitatu ndi matanki a xenon wamadzimadzi wozizira kwambiri. Ya LZ imadikira ndi matani 7. Kachidutswa kakagunda atomu ya xenon, pamatuluka kakuthwanima kochepetsetsa, ndipo maso amagetsi a pamwamba ndi pansi pa thanki amakaona. Zomwe amasaka makamaka ndi tizidutswa tolemera totchedwa WIMP. Mu Ogasiti 2024 a LZ analengeza zotsatira za masiku 280 odikira. Sanapeze kalikonse.

Ntchito yofufuza m'migodi ili ndi mbiri yomwe imakhudza chigawo chathu. Pa 23 Febuluwale 1965, mu mgodi wa golide wa East Rand Proprietary Mines ku Boksburg, pafupi ndi Johannesburg, makilomita oposa atatu pansi pa nthaka, gulu la Frederick Reines ndi Friedel Sellschop linagwira kachidutswa kotchedwa neutrino kobadwira mumpweya wa dziko, ndipo linali limodzi mwa magulu awiri oyamba kuchita zimenezi. Zaka zimenezo migodi ya golide ya ku South Africa inkadalira thukuta la amuna ochokera m'mayiko oyandikana nawo, Amalawi ambirimbiri ali momwemo kudzera mwa Wenela. Pa maboma omwe amuna ake anazolowera ulendo wa kummwera, Nkhata Bay ndi limodzi mwa odziwika kwambiri. Mabuku a sayansi amatchula mayina a mapulofesa. Okumba maenjewo sawatchula.

Nyanja yathu ndi yozama. Singagwire ntchito ya mgodi?

Funso limeneli si lopusa. Madzi nawonso amatchinga, ndipo a ku Russia anamiza maso amagetsi mu nyanja ya Baikal, kupitirira kilomita imodzi pansi, kuti azigwira ma neutrino. Malo ozama kwambiri a nyanja ya Malawi ali kumpoto kwa Nkhata Bay, cha kufupi ndi Usisya, pomwe pansi pali mamita pafupifupi 700. Vuto ndi lakuti thanthwe limalemera pafupifupi katatu kuposa madzi. Phiri la Gran Sasso limatchinga ngati madzi a mamita oposa 3,000, ndipo mgodi wa SNOLAB ku Canada ngati mamita 6,000. Pa mpikisano umenewo Usisya watsala kutali.

Nanga bwanji tsopano akukwera kumwamba, komwe zosokonezazo zikuchokera?

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Wosakira mu mgodi amayamba ndi ganizo limodzi lomwe salikayikira: kuti dark matter imapyola thanthwe mosavuta. Nanga bwanji ngati gawo lina lake ndi tizidutswa topepuka tomwe timagundana msanga ndi maatomu? Tizidutswa totere tingathere mphamvu panjira. Tikamafika pa thanki ya xenon tingakhale titafooka, osatha kusiya chizindikiro, kapena osafika n'komwe. Thanthwe lomwe laikidwa kuti litchinge zosokoneza likhoza kutchinganso chomwe chikusakidwa. Ngakhale mpweya wokha si wochepa. Pa malo okula ngati chikhadabo cha chala pamatsamira mpweya wolemera kilogalamu imodzi, chimodzimodzi madzi ozama mamita 10. Ngati tizidutswato ndi togwira msanga chonchi, njira yokhayo ndi kukatidikira pamwamba pa mpweya.

Ndinene mosabisa kuti umboni wina wa kuthambo umaonetsa kuti dark matter yonse singakhale ya mtundu umenewu. Kakhoza kungokhala kagawo kochepa. Koma ngodya imeneyo sinaunikidwe mokwanira, ndipo kukulitsa thanki ya mu mgodi sikungaiunike.

Chifukwa china ndi ma X-ray, kuwala komwe kuja amajambulira mafupa kuchipatala. Akatswiri ena amaganiza kuti kachidutswa ka dark matter kakhoza kusweka, kamodzi pa nthawi yaitali kwambiri, n'kutulutsa X-ray wa mphamvu yodziwika. Mpweya wa dziko umameza ma X-ray onse ochokera kuthambo, choncho wofuna kuwaona ayenera kukwera. Setilaiti yoyamba yopangidwira ntchito yoona ma X-ray a kuthambo inanyamukira mu Africa muno. Inaulutsidwa pa 12 Disembala 1970 kuchokera pa nsanja ya panyanja pafupi ndi Malindi ku Kenya, tsiku lokumbukira ufulu wa dzikolo, ndipo anaipatsa dzina lakuti Uhuru.

Kasetilaitiko n'kotani, ndipo akukapanga ndani?

Dzina lake ndi DarkNESS. Ndi ntchito ya akatswiri a ku Fermilab, malo ofufuzira za tizidutswa pafupi ndi Chicago, mogwirizana ndi University of Illinois Urbana-Champaign, komwe ophunzira ali nawo pa ntchito yomanga. Kampani ya Firefly Aerospace inakasankha kuti kakwere roketi yake.

Ndi ka mtundu wa CubeSat. Mu 1999, mapulofesa awiri a ku California, Jordi Puig-Suari ndi Bob Twiggs, anakonza muyezo umodzi wa kabokosi ka masentimita 10 mbali zonse, kuti ophunzira azitha kumanga setilaiti asanamalize sukulu. Toyamba tinaulutsidwa mu 2003. Timabokosito timalumikizika, ndipo DarkNESS ndi timabokosi 6, kutanthauza pafupifupi masentimita 10 ndi 20 ndi 30. Setilaiti yoyenda pafupi ndi dziko imazungulira kamodzi pa mphindi 90 kapena kuposerapo pang'ono, pa liwiro loposa makilomita 7 pa sekondi. Mtunda wochokera ku Karonga kufika ku Mangochi imaudutsa mphindi imodzi ndi theka isanakwane.

M'kabokosi kameneka muyenera kulowa batire, wailesi, kompyuta, zida zokatembenuzira komwe kakufuna kuyang'ana, ndi kafiriji. Kafirijiko ndiye mutu waukulu. Zipangizo zomvera zimafuna kuzizira kwa madigiri oposa 100 pansi pa ziro, pomwe bokosilo likuwombedwa ndi dzuwa mbali ina, n'kulowa mu mthunzi wa dziko, n'kutulukanso, maulendo 15 kapena 16 patsiku. Magetsi onse akuchokera pa timapanelo ta sola.

Chipangizo chomveracho chimagwira bwanji ntchito?

Chimatchedwa skipper CCD, ndipo DarkNESS yanyamula zinayi. CCD ndi kachipande ka silikoni kogawidwa timabwalo ting'onoting'ono tambirimbiri. Kuwala kapena kachidutswa kakagunda, kamasomphola maelekitironi, ndipo maelekitironiwo amatsalira m'kabwalo komwe kagundidwako. Kenako makina amasuntha katundu wa kabwalo kalikonse, mzere ndi mzere, kupita pakona pomwe pali choyezera. Willard Boyle ndi George Smith anatulukira njirayi mu 1969, ndipo inawapatsa mphoto ya Nobel mu 2009. Makamera ambiri oyambirira opanda filimu ankadalira CCD.

Vuto la CCD wamba ndi lakuti choyezera chake chimaphonya pang'ono. Ngakhale CCD wabwino kwambiri wa akatswiri amaphonya ndi maelekitironi awiri kapena kuposa. Pojambula ukwati zimenezo zilibe kanthu, chifukwa kabwalo kamodzi kamalandira maelekitironi masauzande. Koma kachidutswa kopepuka ka dark matter kangasomphole elekitironi imodzi yokha kapena awiri. Choyezera chophonya ndi awiri sichingasiyanitse imodzi ndi ziro.

Nzeru ya skipper ndi yosavuta kuimva. CCD wamba amayeza katundu kamodzi n'kumutaya. Skipper amamuika pa choyezera, n'kumubweza, n'kumuikanso, osatayapo elekitironi ngakhale imodzi. Kuphonya kwa ulendo uno kumapita uku, kwa ulendo winawo kumapita uko, ndipo mukaphatikiza kumadyana kokhakokha. Kuyeza maulendo 100 kumachepetsa kuphonya kakhumi. Ganizoli linaperekedwa cha m'ma 1990, koma linadzatheka bwino mu 2017, pomwe Javier Tiffenberg ndi anzake ku Fermilab, pogwiritsa ntchito chipande chokonzedwa ndi Stephen Holland wa ku Berkeley, anayeza kabwalo kalikonse maulendo 4,000. Kuphonya kunatsika kufika pa 0.068 ya elekitironi. Kuyambira pamenepo makina amatha kunena motsimikiza kuti muno mulibe, muno muli imodzi, muno muli awiri.

Mtengo wake ndi nthawi. Kuyeza kambirimbiri kumachedwetsa, ndipo mumlengalenga, komwe chipande chikuwombedwa ndi zosokoneza mosalekeza, sungachedwe kwambiri chithunzi chisanadzaze zinyalala. Pansi pa nthaka ma skipper akugwira kale ntchito mu kafukufuku wa SENSEI ku SNOLAB. Kuonetsa kuti angagwirenso ntchito mumlengalenga ndi chimodzi mwa zolinga za DarkNESS, ndipo kwa ine ndi chomwe chili ndi mwayi waukulu wotheka.

Kakafika kumwambako kaziyang'ana kuti?

Mbali ziwiri, ndipo zonse mutha kuziloza ndi chala muli pagombe.

Yoyamba ndi gulu la nyenyezi la Cygnus. Dzuwa, ndi ife tonse pambuyo pake, likuzungulira pakati pa mlalang'amba pa makilomita pafupifupi 230 pa sekondi, ndipo panopa lalunjika cha ku Cygnus. Popeza tikuboola dark matter pa liwiro limenelo, tizidutswa tambiri tiyenera kutifikira kuchokera kumeneko. Madzulo a Sepitembala ndi Okotobala, yang'anani kumpoto, osati pamwamba kwambiri. Nyenyezi yowala ya Deneb ndi ya m'gulu limeneli. Apa kuzungulira kwa setilaiti kumathandiza. Ikakhala mbali yoyang'ana Cygnus iyenera kugundidwa kwambiri, ndipo ikabisala kuseri kwa dziko kugundako kuyenera kuchepa, popeza tizidutswa togwira msanga sitingapyole dziko. Chizindikiro chokwera ndi kutsika motsatira mthunzi wa dziko n'chovuta kuchinamizira.

Yachiwiri ndi pakati pa mlalang'amba, cha ku gulu la Sagittarius, komwe kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 26,000 kuti kutifike. Kumeneko dark matter iyenera kukhala yothithikana kuposa kuno, choncho ma X-ray a kusweka kwake ayenera kuchuluka. Pali mkangano wakale womwe ukufunika woweruza. Mu 2014 magulu awiri a akatswiri, lina lotsogozedwa ndi mayi Esra Bulbul, lina ndi Alexey Boyarsky, anati aona ma X-ray achilendo a mphamvu ya 3.5 keV kuchokera ku magulu a milalang'amba ndi ku Andromeda. Ena anati ndi dark matter ikusweka. Ena anati ndi maatomu wamba a mu mpweya wotentha, kapena chilema cha chipangizo. Setilaiti ya Japan yotchedwa Hitomi inayang'ana gulu la Perseus mu 2016, isanawonongeke, koma sinawaone. Kafukufuku wotsatira wafooketsa nkhaniyi kwambiri. X-ray wa mphamvu imeneyo amasomphola maelekitironi pafupifupi 950 mu silikoni, ndiye chipangizo chotha kuwerenga bwino chimadziwa mphamvu ya X-ray aliyense wofika. Ndipo popeza kasetilaitika kamaona dera lalikulu la thambo nthawi imodzi, kamatola kuwala komwazikana komwe telesikopu yaikulu, yoyang'ana kadontho kamodzi, imakuphonya.

Bwanji osangomanga setilaiti yaikulu, yamphamvu?

Zilipo kale. Chipangizo cha AMS-02, cholemera matani pafupifupi 7, chakhala pa International Space Station kuyambira Meyi 2011, ndipo chinadya ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni. China inaulutsa DAMPE mu Disembala 2015. Euclid ya ku Ulaya inanyamuka mu Julaye 2023 kukajambula mmene dark matter yafalikira. Zimphona zoterezi zimatenga zaka khumi kapena kuposa kuti zimangidwe, ndipo palibe amene angalole kuikamo chipangizo chomwe sichinayesedwepo mumlengalenga. Kasetilaiti kakang'ono kamaloledwa kulephera. Kakafa, anthu amadandaula mwezi umodzi n'kuyamba kumanga kena.

Sikuti ndi zidole. HaloSat ya University of Iowa, ya timabokosi 6 ngati DarkNESS, inagwira ntchito kuyambira 2018 mpaka kumayambiriro kwa 2021, ndipo inayeza ma X-ray a mpweya wotentha wozungulira mlalang'amba wathu. Koma zofooka zake n'zoonekeratu: chipande chomvera n'cha magalamu ochepa, moyo wake ndi waufupi, ndipo pakati pa South America ndi kummwera kwa Africa pali dera lomwe chitetezo cha maginito a dziko n'chofooka, komwe masetilaiti amawombedwa kwambiri moti zipangizo zina amazizimitsa podutsa.

Nyali zoyenda kuthambo zomwe timaziona dzuwa litangolowa, ndi zimenezi?

Ayi. CubeSat ndi yaing'ono kwambiri, diso silingaione. Nyali yowala yoyenda mwakachetechete osaphethira kawirikawiri imakhala International Space Station. Zikamayenda zambiri mondondozana, amakhala masetilaiti a Starlink omwe angoulutsidwa kumene, a kampani yomwe ija inayamba kupereka intaneti m'Malawi mu 2023.

Chinthu chosaoneka, chopyola makoma. Kodi si zamizimu zomwe azungu angozipatsa dzina lina?

Kusaoneka kokha sikupangitsa zinthu ziwiri kukhala chimodzi. Mafunde a wailesi saoneka ndipo amapyola khoma, koma timawayeza. Dark matter ndi dzina la kusiyana kwa manambala awiri: kulemera komwe kukuoneka, ndi kulemera komwe kukufunika kuti nyenyezi ziyende mmene zikuyenderamo. Aliyense wokhala ndi telesikopu, kaya ndi wa ku Chile kaya ndi wa ku South Africa, akayeza amapeza kusiyana komweko. Silankhula, silota munthu, sisankha mudzi.

Ndipo akatswiri ena amatsutsa poyera. Mu 1983 Mordehai Milgrom wa ku Israel ananena kuti mwina kulibe chobisika, koma lamulo la kukoka ndi lomwe limasintha kukoka kukafooka kwambiri. Ganizo lake limalongosola bwino kazunguliridwe ka milalang'amba yambiri, koma limapunthwa pa magulu akuluakulu ngati Bullet Cluster ndi pa miyezo ya Planck. N'chifukwa chake ambiri akadali mbali ya tizidutswa.

Africa ili pati pa nkhaniyi?

Ili mkati kuposa mmene ambiri amaganizira, ndipo chifukwa china ndi malo. Pakati pa mlalang'amba pamaoneka bwino kuchokera kummwera kwa dziko kuno kusiyana ndi ku Ulaya. Ku Namibia, matelesikopu a H.E.S.S. akhala akugwira ntchito kuyambira 2002, ndipo ina mwa ntchito zake ndi kufufuza kuwala kwamphamvu komwe kungatuluke tizidutswa ta dark matter tikawombana pakatipo. Ku Karoo, South Africa, kuli mbale 64 za telesikopu ya wailesi ya MeerKAT zomwe zinatsegulidwa mu 2018. Akatswiri a ku Stellenbosch ndi Wits ali ndi ganizo lomanga labotale ya pansi pa phiri mu Huguenot Tunnel pafupi ndi Paarl. Pa ntchito yaikulu ya telesikopu ina ya wailesi yotchedwa SKA, Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la mayiko 8 ogwirizana ndi South Africa. Malawi mulibemo.

Pa timasetilaiti, anzathu anayamba kale. Ophunzira a Cape Peninsula University of Technology anaulutsa ZACube-1 mu Novembala 2013. Ghana inatsatira mu 2017, Kenya mu 2018, Rwanda mu 2019. Mu Novembala 2022 Zimbabwe ndi Uganda anatumiza ZimSat-1 ndi PearlAfricaSat-1, zomangidwa ndi mainjiniya awo omwe anakaphunzira ku Kyushu Institute of Technology ku Japan. Lililonse mwa mayikowa lili ndi mavuto ake a chimanga ndi mankhwala, monga ife.

Ndiye kakaipeza dark matter? Ndipo msodzi wa ku Usisya kapena mlimi wa chinangwa ku Mpamba apindulapo chiyani?

Kuipeza, mwayi ndi wochepa. Matani a xenon adikira zaka osaona kanthu, ndipo magalamu ochepa a silikoni akuunika ngodya yomwe mwina mulibe. Chomwe chikuyembekezeka kwambiri ndi chakuti akatswiri adzalengeza kuti pano taunikapo, palibe, ndipo osaka otsatira sadzatayanso nthawi pamenepo. Zaka 40 za kafukufukuyu zayenda motero.

Msodzi sadzagwira usipa wambiri chifukwa cha DarkNESS, ndipo amene angakuuzeni zina akukunamizani. Boma la Malawi litati litenge ndalama kukasaka dark matter, ndingakhale woyamba kutsutsa. Koma luso lomanga kabokosi kameneka ndi lomwelo lofunika pa mavuto athu: wailesi, sola, batire, kompyuta yaing'ono, masamu. Mwera umadzidzimutsa mabwato chaka ndi chaka. Mu 2024 nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba ndi malo ogona alendo a m'mbali mwake. Nkhalango za kumapiri zikutha, ndipo matope ake akuthera m'nyanja momwe nsomba zimaswera. Zonsezi zimaoneka kuchokera kumwamba, ndipo sitifunikanso kudikira setilaiti yathuyathu. Zithunzi za Sentinel-2 ndi Landsat n'zaulere kwa aliyense wokhala ndi intaneti. Chosowa ndi anthu odziwa kuziwerenga.

Anthuwo achokera ku Mzuzu University, ku University of Malawi, ku MUBAS ndi ku MUST, komwe African Drone and Data Academy yakhala ikugwira nawo ntchito kuyambira 2020. Koma asanafike kumeneko amadutsa Folomu 3, pomwe ambiri amathawa Physics chifukwa sanagwirepo waya ndi batire m'kalasi. Sukulu zambiri zoyendera za m'midzi zilibe labotale. Aphungu, makhansala ndi mafumu a ku Chintheche, Kande, Mpamba ndi Usisya, pogawa ndalama za chitukuko cha m'madera chaka chino, ikanipo labotale ya sukulu.